Bwanji zoopsa zoti zingatimalize tonse sizitisowetsa tulo?

Usiku wa pa 26 Seputembala 1983 msilikali wina wa Soviet Union, Stanislav Petrov, anali pa shifiti m'chipinda chobisika chakufupi ndi Moscow. Ntchito yake inali kuyang'ana makompyuta olandira uthenga kuchokera ku masatelayiti omwe ankalondera ngati America yaponya mizinga ya nyukiliya. Itangopitirira 12 koloko alamu inalira, sikirini ikuti mzinga umodzi wanyamuka, kenako wina, kenako winanso mpaka inakwana 5. Malamulo a ntchito ankati aimbe foni kwa akuluakulu kuti zayambika. Ndipo nthawi imeneyo mitima inali m'mwamba kale, masabata atatu okha m'mbuyomo asilikali a Soviet anali atawombera ndege ya anthu wamba ya ku South Korea n'kupha anthu 269. Petrov anati ayi, munthu woyambitsa nkhondo ngati imeneyi sangayambe ndi mizinga 5, angaponye mazanamazana kamodzin'kamodzi, nde anauza mabwana ake kuti makina ndi amene abalalika. Zinalidi choncho. Kunali kuwala kwa dzuwa komwe kunamenya pa mitambo ya m'mwamba kwambiri, satelayiti n'kuyesa kuti ndi moto wa mzinga.

Tsopano tafunsani anthu 10 kaya pa depoti kaya pa yunivesite ngati anamvapo dzina la bambo ameneyu. Kwawo sanamupatse mendulo, anachita kumukalipira kuti sanalembe bwino mu buku la lipoti, nkhani yake inabisidwa mpaka m'ma 1990, ndipo atamwalira mu Meyi 2017 dziko linadzamva patapita miyezi inayi. Ndipo sikuti kanali kokhako. Mu Okutobala 1962, pa mkangano uja wa mizinga ku Cuba, kaputeni wa sitima ya pansi pa madzi ya Soviet yotchedwa B-59 anafuna kuponya chida cha nyukiliya poganiza kuti kumtunda nkhondo yayamba kale, amene anakana anali ofesala mmodzi, Vasili Arkhipov. Mu Januwale 1961 ndege ya nkhondo ya America inasweka ili m'malere ku Goldsboro ku North Carolina, mabomba awiri akuluakulu n'kugwera m'dziko lawo lomwelo, limodzi linalephera kuphulika chifukwa cha kaswichi kamodzi basi. Mu 1995 roketi ya asayansi yochokera ku Norway inapangitsa kuti pulezidenti wa Russia wa nthawiyo, Boris Yeltsin, amutsegulire chikwama chija cholamulira mabomba. Zonsezi ndi zolembedwa, si mphekesera za pa WhatsApp. Koma kutacha anthu anadzuka, kumwa tiyi, kupita kuntchito.

Nkhani yake ndi iyi. Pali gulu la zoopsa zomwe zikachitika sikuti zingophetsa anthu ambiri ayi, zitha kumaliza mtundu wonse wa anthu kapena kutigwetsa moti sitingadzadzukenso. Nkhondo ya nyukiliya ndi njala yobwera pambuyo pake, mliri wa kachilombo kochita kusinthidwa mu labu, chimwala cha mlengalenga ngati chija chinagwa ku Yucatán ku Mexico zaka 66 miliyoni zapitazo n'kumaliza ma dinosaur, phiri kuphulika moopsa, nyengo kusokonekera mopyola muyeso, ndiye masiku ano pabweranso nkhani ya AI, nzeru zochita kupanga za makompyuta. Toby Ord wa ku Oxford mu 2020 anayerekeza kuti kuthekera koti chimodzi mwa zimenezi chitigwere m'zaka 100 zikubwerazi ndi 1 pa 6. Nambala imeneyo ndi kuona kwake, ena amati wakweza kwambiri ena amati watsitsa, ine sindiimira pa iyo. Olo mutati 1 pa 100, pa nkhani yokhudza anthu 8 biliyoni kuphatikiza onse osabadwa, si nambala yoti n'kungoiseka.

Nde taonani ndalama zomwe dziko limaikapo. Pangano loletsa zida za tizilombo toyambitsa matenda linayamba kugwira ntchito mu 1975, ofesi yake ili ku Geneva, ndipo kwa zaka zambiri antchito ake samakwana olo 5, bajeti yake cha m'ma 2019 inali pafupifupi madola 1.4 miliyoni pa chaka. Ord yemweyo anati lesitilanti imodzi ya McDonald's imagwira ndalama zoposa pamenepo. Ofesiyo ilibenso mphamvu yolowa m'malabu a mayiko kukaona zomwe akuchita, pomwe tikudziwa kuti Soviet Union inasaina panganolo n'kumapangabe zidazo mobisa, mpaka mu 1979 anthrax inathawa pa fakitale ya asilikali ku Sverdlovsk n'kupha anthu osachepera 66. Ndiye funso nlakuti anthu anzeru zathu zonsezi, opita kumwezi, bwanji pa izi timakhala ngati sizikutikhudza?

Ine ndimaona kuti gwero lenileni ndi mmene anthufe timaphunzirira. Timaphunzira pa maliro. Sitima ya Titanic inamira mu 1912 ili ndi maboti opulumukira osakwanira, mu 1914 mayiko n'kupangana malamulo a chitetezo cha panyanja. Kwathu kuno chimodzimodzi, mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana, chaka chomwecho kunabwera lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulo limenelo linakalamba, odziwa ankanena kuti limangokamba zogawa thandizo zinthu zitavuta kale, bilu yatsopano inatha zaka ikungozungulira m'maofesi, mpaka Freddy anafika mu Malichi 2023, ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche nyumba kukwiririka ndi matope, akufa ndi osowa kupitirira 1,000, ndipo mwezi wotsatira womwewo aphungu anaivomereza bilu ija. Sikuti nzeru zinabwera mu Epulo, nzeru zinalipo kale, chomwe chinkasowa ndi mitembo.

Njira imeneyi ndi yowawa koma imagwira ntchito, tisaname. Ndege masiku ano sizigwa chisawawa chifukwa iliyonse yomwe inagwapo anaifufuza mpaka kabawuti komaliza. Koma njirayi imafuna chinthu chimodzi, kuti pakhale otsala oti alire, afufuze, asinthe malamulo. Ngozi yomaliza anthu onse ilibe ulendo woyamba woti tiphunzirepo, ikachitika ndi yoyamba ndi yomaliza yomweyo. Nde mabungwe athu onse, makhothi, nyumba za malamulo, makampani a inshulansi, manyuzipepala, anamangidwa kuti aziyankha zinthu zomwe zachitika kale, pa izi amangokhala kakasi.

Wina anena kuti aaa anthu akhalapo zaka pafupifupi 300,000, anadutsa m'miliri, m'zilala, m'nyengo za chisanu choopsa, nanga lero ndiye kutani? Mfundoyo ndi yabwino ndithu koma imagwira mbali imodzi yokha. Ikutiuza kuti zoopsa zachilengedwe ngati miyala ya mlengalenga ndi mapiri ophulika sizichitika pafupipafupi, zikanakhala choncho sitikanafika pano. Koma bomba la nyukiliya linayamba mu 1945, luso losintha tizilombo ndi la dzulodzulo, mu 2011 asayansi ku Rotterdam ndi ku Wisconsin anasintha kachilombo ka chimfine cha mbalame H5N1 kuti kazitha kufala mu mpweya pakati pa tinyama ta mu labu, ndipo cha m'ma 2017 ena ku Canada anapanga kachilombo ka m'banja la nthomba pogwiritsa ntchito zidutswa za DNA zochita kuitanitsa, pa ndalama pafupifupi madola 100,000. Pa zinthu zimenezi mbiri yathu si ya zaka 300,000, ndi ya zaka 80 kapena kuchepera, ndipo m'zaka 80 zomwezo taona kale kangati tikupulumukira pa kamwayi. Palinso kamsampha kena apa, anthu okhawo amene angakhale pansi n'kumati "mpaka lero sizinachitike" ndi amene sizinawachitikire, nde umboni umenewo nthawi zonse udzaoneka wolimbikitsa mpaka tsiku lomaliza.

Ubongo nawo uli ndi kachitidwe kake. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky mu 1973 anasonyeza kuti tikafuna kudziwa ngati chinthu chingachitike sitiwerengera masamu, timangoona ngati chitsanzo chake chikubwera msanga m'mutu. Nchifukwa chake munthu amapemphera kwambiri pokwera ndege kuposa pokwera kabaza wa njinga yamoto opanda helimeti, pomwe ngozi za pamsewu zimapha anthu oposa 1 miliyoni chaka chilichonse padziko. Kutha kwa mtundu wa anthu kulibe chitsanzo m'mutu mwa aliyense, chomwe chimabwera ndi mafilimu, ndipo mafilimu amatiphunzitsa zinthu ziwiri zabodza, choyamba kuti ndi zopeka, chachiwiri kuti pamapeto ngwazi imapulumutsa anthu.

Olo zomwe tinaziona ndi maso timaziiwala msanga. Ku America anapeza kuti madzi akasefukira anthu amathamangira kugula inshulansi ya madzi osefukira, koma zisanathe zaka 10 chiwerengero chimabwerera pomwe chinali. Ku Japan m'mphepete mwa nyanja muli miyala yomwe makolo anaimika yolembedwa machenjezo a tsunami, wa m'mudzi wa Aneyoshi umati musamange nyumba kumunsi kwa pano, a m'mudzimo anamvera ndipo mu 2011 madzi sanafike m'nyumba zawo, koma m'madera ambiri anthu anali atatsikira kale kunyanja chifukwa agogo omwe anaona zoopsazo anali atapita. Nanga COVID? Panali SARS mu 2003, MERS mu 2012, Ebola mu 2014, nthawi iliyonse mantha, misonkhano, malonjezo a ndalama, kenako zii. Mu Seputembala 2019 gulu lomwe WHO ndi World Bank anakhazikitsa, lotsogozedwa ndi Gro Harlem Brundtland ndi mnzake, linalemba poyera kuti pali chiopsezo chenicheni cha mliri wofala mu mpweya womwe ungaphe anthu 50 mpaka 80 miliyoni ndipo dziko silinakonzeke. Patangotha miyezi itatu, COVID inabuka ku Wuhan ku China. Kuno tinadzayamba kuopa zenizeni mu Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi, pamenepo aliyense mask pakamwa. Lero ndowa zija zosambira m'manja pakhomo pa mashopu zili kuti? Ndipo COVID poyerekeza ndi zomwe zingatheke inali yaing'ono.

Koma chomwe chimandidabwitsa kwambiri ine ndi mmene mtima umachitira ndi manambala akuluakulu. Chakumayambiriro kwa m'ma 1990 ofufuza ku America anafunsa magulu atatu a anthu kuti angapereke zingati kuti apulumutse mbalame zomira m'maiwe a mafuta, gulu lina analiuza mbalame 2,000, lina 20,000, lina 200,000. Mayankho anali madola 80, 78 ndi 88. Mbalame kuchuluka ka 100 koma ndalama pafupifupi zomwezo, chifukwa m'mutu mwa aliyense munali kambalame kamodzi konyowa ndi mafuta, maziro enawo ubongo sunawawerenge.

Palinso kafukufuku wina yemwe dzina la dziko lathu limapezekamo. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anapatsa anthu madola 5 aliyense n'kuwapempha kuti ngati akufuna apereke ku Save the Children. Ena anawawerengetsa manambala, kuti ku Malawi kusowa kwa chakudya kwakhudza ana oposa 3 miliyoni, ku Zambia anthu 3 miliyoni ali pa njala, ku Ethiopia oposa 11 miliyoni, ndi zina zotero. Ena anangowaonetsa chithunzi cha kamtsikana kamodzi ka zaka 7 ka ku Mali, Rokia. Oona Rokia anapereka pafupifupi madola 2.38, owerenga za ana athu 3 miliyoni aja anapereka 1.14. Ndiye chopweteka kwambiri ndi gulu lachitatu lomwe analionetsa zonse ziwiri, chithunzi ndi manambala pamodzi, linapereka 1.43, kutanthauza kuti kungomva kuti pali mamiliyoni ena ovutika kunachepetsa chifundo olo kwa Rokia yemweyo. Munthu amangoti nanga kanga kachepaka kasintha chani. Tsono ngati mtima ukulephera kunyamula 3 miliyoni, 8 biliyoni ungaitani? Nanga mabiliyoni osabadwa omwe alibe nkhope, alibe dzina, palibe angawajambule?

Pa osabadwawa wafilosofi wa ku Britain Derek Parfit mu 1984 anafunsa funso lomwe mpaka lero limazunguza mutu. Yerekezani zinthu zitatu, mtendere, nkhondo yopha anthu 99 pa 100 aliwonse, ndi nkhondo yopha onse. Kusiyana kwakukulu kuli pati? Ambiri timati pakati pa mtendere ndi 99, chifukwa pamenepo ndi pomwe pafa chigulu. Iye anati ayi, kuli pakati pa 99 ndi 100, chifukwa pakatsala mmodzi pa 100 aliwonse anthu angadzachulukanenso, zinenero, nyimbo, sayansi, zonse zingadzaphukenso olo patapita zaka masauzande, koma akatha onse ndiye kuti mibadwo yonse yomwe ikanabwera yathera pomwepo. Mutha kutsutsana naye, alipo afilosofi ambiri omwe amati munthu amene sanabadwe palibe chomwe walandidwa. Koma ife amene timati mbumba isathe, dzina lisafe, timamanga manda a makolo n'kumadandaula za malo oti zidzukulu zidzalime, ndikuona ngati mfundo yakeyo timaimva kale pa mlingo wa banja, kungoti sitinaitambasulepo kufika pa mtundu wonse wa anthu.

Kenako nthawi. Chaka chilichonse mu Meyi ndi Juni anthu amagulitsa chimanga kwa mavenda pa mtengo wozizira, akudziwa bwinobwino kuti mu Januwale adzachigula chomwecho mtengo utakwera kawiri. Ena ndi mavuto, fizi ikufunika lero, ngongole ikufunika lero, koma olo amene sali pampanipani amachita zomwezo chifukwa Januwale ukamuganiza uli mu Juni amaoneka ngati wa munthu wina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsono imeneyo ndi miyezi 7 yokha, nanga zaka 70? Ndipo musaganize kuti ndi za anthu osaphunzira, akatswiri a zachuma anachita kuziika m'masamu. Boma likamaunika pulojekiti limachepetsa mtengo wa phindu la mtsogolo ndi peresenti inayake chaka chilichonse. Pa 5 peresenti, K1,000,000 ya zaka 100 zikubwerazo lero ndi ya K7,600 basi. Mukapitiriza masamu omwewo mpaka zaka 500 n'kuwaika pa miyoyo ya anthu, moyo umodzi wa lero umaposa miyoyo 39 biliyoni ya nthawi imeneyo, zomwe aliyense akuona kuti ndi misala, komabe kanambala kameneka ndi komwe kamalamula zambiri. Mkangano wotchuka wa zanyengo pakati pa Nicholas Stern, yemwe mu lipoti lake la 2006 anagwiritsa pafupifupi 1.4 peresenti n'kupeza kuti tichitepo kanthu mwachangu, ndi William Nordhaus wa ku Yale yemwe anagwiritsa yokwererapo n'kupeza kuti tingapite pang'onopang'ono, kwakukulu unali pa kanambala komweka, osati pa sayansi ya mpweya.

Palinso nkhani yoti ntchitoyi ndi ya ndani. Mu 1968 Bibb Latané ndi John Darley anaika ophunzira m'chipinda kuti ayankhe mafunso pa pepala, kenako utsi unayamba kulowa. Amene anali okha, 75 pa 100 anatuluka kukanena. Koma akakhala ndi anthu ena awiri ouzidwiratu kuti asatekeseke, 10 pa 100 okha ndi amene anakanena, enawo amangokupiza utsi ndi dzanja, kutsokomola, kupitiriza kulemba. Aliyense amayang'ana nkhope ya mnzake, akaona kuti ili phee nayenso phee. Mayiko amachitanso chimodzimodzi, ndipo iwo ali ndi chifukwa cha masamu. America ili ndi anthu pafupifupi 4 pa 100 aliwonse a padziko, nde ikawononga ndalama zake kuteteza dziko lonse, phindu 96 pa 100 likupita kwa ena omwe sanasonkheko, osawerengera mibadwo ya mtsogolo yomwe singabweze olo tambala. Aliyense amadikira kuti wina alipire. Pomwe pali mpikisano ndiye zimanyanya, mu Meyi 2023 akatswiri ambirimbiri kuphatikiza Geoffrey Hinton, Yoshua Bengio ndi mabwana a makampani omwe akupanga AI anasaina chiganizo chimodzi chonena kuti chiopsezo choti AI ingamalize anthu chitengedwe mozama ngati miliri ndi nkhondo ya nyukiliya. Alipo akatswiri ena ngati Yann LeCun omwe amati amenewo ndi mantha opanda pake, ndipo mkanganowo sunathe. Koma taonani, osainawo ambiri anabwerera kuntchito kukapitiriza mpikisano, aliyense akuti ndikaima ine mnzanga saima, bola patsogolo pakhale ine wosamala. Mawu omwewo ankanenedwa popanga bomba.

Andale nawo sitingawanene kwambiri osadzinena tokha. Andrew Healy ndi Neil Malhotra mu 2009 anaunika zisankho za ku America n'kupeza kuti ovota amapereka mphoto kwa chipani chomwe chagawa thandizo ngozi itachitika, koma ndalama zoikidwa pa kukonzekera sizibweretsa mavoti, ngakhale dola imodzi ya kukonzekera imapulumutsa pafupifupi madola 15 a zowonongeka. Sitikusowa kupita ku America kuti timvetse, phungu wofika pa kampu ndi lole ya ufa, mabulangete ndi kamera amaimbiridwa nyimbo, wokonzetsa ngalande kuti madzi asalowe m'nyumba palibe amamudziwa chifukwa madziwo sanalowe. Ntchito yoteteza ikayenda bwino zotsatira zake ndi zoti palibe chachitika, ndipo palibe chachitika sungachiike pa chikwangwani cha kampeni. Y2K ndi chitsanzo chake, makompyuta akale ankalemba chaka ndi manambala awiri okha moti 2000 ikanaoneka ngati 1900, mabanki, maboma ndi makampani anawononga madola mabiliyoni ambirimbiri kukonza mapulogalamu, tsiku linafika popanda chisokonezo chachikulu, lero anthu amaikumbukira ngati bodza lomwe azungu anatiopseza nalo. Akatswiri amatsutsanabe kuti ndalamazo zinachuluka kapena ayi, koma vutolo linalipo ndithu ndipo linakonzedwa. Teremu ya pulezidenti ndi zaka 4 kapena 5, chiopsezo cha 1 pa 1,000 pa chaka iye amangowerengera kuti pa nthawi yanga sichigwa, ndipo nthawi zambiri amalondola. Mwana wodzabadwa mu 2090 alibe voti.

Aneneri onama nawo anaiononga nkhaniyi. Harold Camping anamata zikwangwani m'mayiko ambiri kuti chiweruzo ndi pa 21 Meyi 2011, kenako kunabwera za kalendala ya a Maya kuti 21 Disembala 2012 kwatha, anthu anadzuka pa 22 n'kumakonzekera Khirisimasi. Nde wasayansi akabwera ndi mapepala ake amaikidwa m'thumba limodzi ndi amenewa, pomwe wina akutchula tsiku popanda umboni, winayo akunena za kuthekera komwe kungachepetsedwe. Kwathu kuno palinso yankho lija lakuti ndi masiku otsiriza, zinalembedwa, mwini wake ndi Mulungu. Sindikulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu, ndimangoona kuti yemweyo amakhoma chitseko usiku, amagona m'neti, amapita ndi mwana kusikelo kukabayitsa katemera. Pa zazing'ono timati Mulungu anatipatsa nzeru, zikakula kwambiri mpamene timati nzosatheka kuzipewa, ndipo ndikukayika ngati pamenepo chikulankhula ndi chikhulupiriro kapena kungotopa ndi kukula kwa nkhaniyo.

Pano wina wakwiya kale, akuti iwe ukutiuza za miyala ya mlengalenga ife tikusowa ya sopo, mafuta pa filling station kulibe, mankhwala kuchipatala kulibe. Ameneyo akunena zoona ndipo ine sindingamuimbe mlandu. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku uno sakulakwitsa posaganiza za 2100. Kunyalanyaza kwenikweni kuli kwa mayiko 9 omwe ali ndi mabomba, kwa omwe ali ndi malabu ndi makampani akuluakulu, amene akupanga chiopsezocho ndipo ali ndi ndalama zochichepetsera. Koma mawu akuti "zakutali" tiziwaonetsetsa. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, ndi angati kuno ankadziwa pomwe Kyiv ili pa mapu, koma mtengo wa feteleza, buledi ndi mafuta ophikira unatipeza mpaka kumudzi. Kafukufuku wotsogozedwa ndi asayansi a ku Rutgers University yemwe anatuluka mu 2022 anayerekeza kuti nkhondo yaikulu ya nyukiliya pakati pa America ndi Russia ingaphe anthu oposa 5 biliyoni ndi njala, olo ya India ndi Pakistan yokha ingaphe oposa 2 biliyoni, chifukwa utsi wa mizinda yoyaka umakwera m'mwamba kwambiri komwe mvula singautsuke, n'kutchinga dzuwa kwa zaka, mbewu kukanika padziko lonse. Kalawe kake kanaonekapo, phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika mu 1815, chaka chotsatira ku New England kunagwa chipale mu Juni ndipo ku Ulaya mbewu zinakanika. Palibe angatiponyere bomba ife, koma dziko lodalira mvula ndi mbewu imodzi, lopanda ndalama zakunja zogulira chakudya pomwe aliyense watseka malire ake, likhala kuti pa mzere?

Nthawi zina zatheka, ndipo ndi bwino kuona kuti zinatheka bwanji. Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza mu 1974 kuti mpweya wa CFC wa m'mafiriji ndi m'masipule ukudya ozone, mpweya wa m'mwamba wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, kwa zaka 10 zinkangoyenda pang'onopang'ono, mpaka mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza za chibowo pamwamba pa Antarctica, zithunzi za satelayiti n'kutuluka, anthu n'kumva za khansa ya pakhungu, mu 1987 pangano la Montreal linasainidwa ndipo lero dziko lililonse lili momwemo, ozone ikuchira. Zinathandizanso kuti makampani opanga mpweyawo anali ochepa ndipo cholowa m'malo mwake chinapezeka. Miyala ya mlengalenga chimodzimodzi, mu Julayi 1994 anthu anaonera zidutswa za Shoemaker-Levy 9 zikumenya Jupiter n'kusiya zipsera zazikulu ngati dziko lathuli, mu 1998 NASA inayamba ntchito yosaka miyala yonse yoposa kilomita imodzi yoyenda kufupi nafe, yoposa 90 pa 100 inapezeka, ndipo mu 2022 chombo cha DART chinakagunda dala mwala wa Dimorphos n'kusintha ulendo wake ndi mphindi pafupifupi 32. Pa zonse ziwirizi tinachita mwayi woonera maliro a kwa eni, chibowo chinali ku malo kopanda anthu, chogundidwa chinali Jupiter.

Mabomba nawo anachepa chifukwa cha mantha. Mu Juni 1982 anthu pafupifupi 1 miliyoni anasonkhana ku New York kutsutsa zida za nyukiliya, Reagan wa America ndi Gorbachev wa Soviet Union anasaina pangano la INF lothetsa mizinga yoponya mtunda wapakatikati mu 1987, ndipo kuchoka pa mabomba pafupifupi 70,000 mu 1986 lero alipo cha m'ma 12,000. South Africa inachita kuphwasula yokha mabomba ake 6. Koma mantha amatha mphamvu, m'badwo womwe unakula ukuopa wakalamba, INF inafa mu 2019, Russia inaimitsa kutenga nawo mbali mu pangano lochepetsa mabomba la New START mu 2023, China ikuwonjezera ake, ndipo simunaone anthu 1 miliyoni mumsewu kulikonse.

Nchifukwa chake mayiko ena ayesa kumanga china chosadalira mantha, kuwapatsa osabadwa mpando m'boma. Nyumba ya malamulo ya Finland ili ndi komiti ya zamtsogolo kuyambira 1993, Wales mu 2015 inakhazikitsa lamulo lokhala ndi komishinala wa mibadwo ya mtsogolo, yemwe ntchito yake ndi kufunsa nthambi za boma kuti chomwe mukuchitachi chidzawatani ana a zaka zikubwerazo, ndipo mu Seputembala 2024 mayiko ku United Nations anavomereza chikalata cha mibadwo ya mtsogolo. Ndi poyambira pabwino ndithu, koma muwerenge mphamvu zomwe anapatsidwa. Komishinala wa ku Wales amalangiza, amaunika, amalemba malipoti, sangaletse bajeti. Chikalata cha ku New York chija sichimanga dziko lililonse, nduna ikhoza kuchisaina Lolemba, Lachiwiri n'kukavomereza ndalama za mizinga yatsopano popanda khothi loifunsa.